Cipilala ca ku Wiriyamu

Ana a kalasi yoyamba adapita pa ulendo ndi aphunzitsi ao. Adanyamuka ku Angónia mbandakuca. Adaoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa ku Tete. Masana adafika ku Wiriyamu.

Ku Wiriyamu kuli cipilala. Pafupi naco padakhala agogo ena aakazi.

— Mwaswera bwanji, agogo?

— Ndaswera bwino, adzukulu anga. Khalani pansi.

Mtsikana wina adafunsa:

— Agogo, kodi cipilalaci ncaciani?

— Ncokumbukira abale athu. Aphunzitsi, auzeni anawa.

Aphunzitsi adafotokoza motere:

Kale dziko la Moçambique linkalamulidwa ndi atsamunda a Cipwitikizi. Mu 1964 idayamba nkhondo yomenyera ufulu. Pa 16 Disembala 1972, asilikali a atsamunda adafika ku Wiriyamu ndi kumidzi yoyandikana nayo, monga Chawola ndi Juwau. Adatentha nyumba. Adapha anthu pafupifupi 400: abambo, amai ndi ana.

Atsamunda adafuna kubisa nkhaniyi. Koma anthu opulumuka adauza ansembe, ndipo ansembe adalemba maina a anthu ophedwa. Mu 1973, Bambo Adrian Hastings adaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Maiko onse adamva.

Pa 25 Juni 1975, dziko lathu lidalandira ufulu. Mu 2022, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, idapepesa cifukwa ca zimene zidacitika ku Wiriyamu.

Aphunzitsi atatha, ana onse adangoti zii. Agogo adati:

— Tsiku limenelo ine ndidali kamtsikana ngati inu. Ndidathawira kuchire. Mng'ono wanga sadathe kuthawa. Ndimabwera pano kudzachula dzina lake, kuti asaiwalike.

Mnyamata wina adafunsa:

— Agogo, kodi tizidana ndi Apwitikizi?

— Iai, mdzukulu wanga. Cipilalaci siciphunzitsa cidani. Cimatiuza kuti nkhondo njoipa, ndipo mtendere ngofunika kuusunga.

Ana adathyola maluwa nawaika patsinde pa cipilala. Adatsanzikana ndi agogo, nabwerera kwao.

Mau atsopano

cipilala: cinthu comangidwa kuti anthu azikumbukira
atsamunda: alendo olamulira dziko la eni
kupulumuka: kusafa pa ngozi

Mafunso

1. Kodi ana adaoloka mtsinje uti?
2. Ndani adalemba maina a anthu ophedwa?
3. Cifukwa ciani agogo amabwera pacipilala?
4. Dziko lathu lidalandira ufulu caka citi?

Werenga ndi kulemba

ci – pi – la – la
u – fu – lu
mte – nde – re

Nchito ya kunyumba

Funsa agogo ako dzina la mbale wanu mmodzi amene banja lanu limamkumbukira. Makolo athandize mwana kulemba dzinalo m'kope. Jambula duwa pambali pake.