PATHUPI PAKAVUTA, FULUMIRANI KUCHIPATALA

Amayi, si mayi aliyense amene amakondwa akazindikira kuti waima. Wina ali ndi mwana wakhanda kumbuyo, wina bambo anamuthaŵa, wina ndi mtsikana wa pasukulu. Pakafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anapeza kuti m'chaka cha 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malaŵi muno. Zambiri zinachotsedwa mobisa, ndipo amayi ena anataya moyo.

Ngati muli ndi maganizo otere

Musasunge nkhaŵa nokha. Pitani kwa anamwino kapena azamba pa chipatala cha Santhe mukaŵafotokozere. Ntchito yawo ndi kumva mavuto anu, osati kukuweruzani, ndipo amasunga chinsinsi. Malamulo a dziko lino amalola dokotala kuchotsa pathupi pamene moyo wa mayi uli pachiswe. Amene angapime zimenezi ndi achipatala.

Musagwiritse ntchito kamtengo ka chinangwa, zitsamba, sopo wochapira kapena mapiritsi ochuluka. Zimenezi zimaboola chiberekero, zimaononga impso ndiponso zimapha.

Zizindikiro zoopsa

Kaya mwapita padera kapena pathupi pachotsedwa, thamangirani kuchipatala mukaona izi:

1. Kutaya magazi kwambiri kosalekeza.
2. Kutentha thupi ndi kunjenjemera.
3. Chikazi chonunkha.
4. Kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba.
5. Chizungulire kapena kukomoka.

Musati, "Ndiyambe ndatsiriza kusoka fodya." Fodya amadikira, koma magazi sadikira. Achipatala adzatsuka m'chiberekero ndi kukupatsani mankhwala opha tizirombo. Ngati mufunika kuonjezeredwa magazi adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Kasungu. Auzeni zoona za chimene munamwa kapena kuika, kuti athe kukuthandizani bwino.

Mukachira

Mayi angathe kuimanso pakangopita masabata aŵiri okha, asanasambe n'komwe. Choncho sankhani njira yolera musanatuluke m'chipatala: jakisoni, mapiritsi, lupu, kapena ya pamkono. Muzidya ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa kuti magazi abwerere. Kambiranani ndi bambo a kunyumba.

Ngati ndi mnzanu kapena mwana wanu

Musamunyoze. Mumvereni mofatsa, mupezereni njinga kapena ngolo, ndipo mumperekeze. Amayi ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi ndi mantha.

KUMBUKIRANI: Manyazi amatha, koma ana amasiye amalira moyo wawo wonse.