Kodi sinki yakale ifunika paipi ya mpweya?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Area 18 mu Lilongwe. Akuti mmisiri wawauza kuti sinki yawo ya kukhitchini ndi yachikale, ndiye aboole denga atulutse paipi ya mpweya. Aboole kodi?

Katswiri: Bambo, musathamangire kuboola malata. Ukalamba wa sinki si mlandu. Tulukani panja muone komwe paipi yake ikukathera. Nyumba zambiri zakale kwathu kuno, paipi ya sinki imangoboola khoma n'kukhuthulira madzi m'kadzenje ka simenti kokhala ndi sefa pamwamba. Ngati ndi choncho, mpweya ukulowa kale kukamwa kwa paipiyo, ndipo ndalamayo gulirani zina.

Nkhani imasintha paipiyo ikalumikizidwa mwachindunji ku paipi yaikulu ya 110 mm yopita ku suweji kapena ku septic tank. Suzumirani pansi pa sinki, muona kapaipi kokhota ngati chilembo cha U. Mmenemo mumatsalira madzi okwana pafupifupi masentimita 5 mpaka 7, ndipo madziwo ndiwo amatchinga fungo la kuchimbudzi kuti lisakwere. Tsono mukapendeketsa chigubu chodzaza, madzi amatuluka monjanja chifukwa mpweya ukulimbirana nawo khomo. M'paipi yosowa mpweya n'chimodzimodzi: madzi akamatsika amakoka aja otsalira m'kapaipi, chitseko cha fungo n'kutseguka.

Muulutsi: Adziwa bwanji kuti zikuchitika kwawo?

Katswiri: Adzaze sinki, achotse chotsekera, atchere khutu. Madzi akatha mwakachetechete, palibe vuto. Ikalira kuti gudugudu kumapeto, kapena ikalira pamene wina wagujumula toileti, kenako n'kumveka fungo la mazira ovunda, mpweya ukuperewera. Komabe ayambe atsuka paipi. Mafuta oundana, nkhoko za nsima ndi masamba a tiyi zimachepetsa njira, sinki n'kumalira ngati yosowa mpweya. Amisiri ena izi sanena, poti kutsuka paipi kulibe phindu lalikulu.

Ikapitiriza kulira, aone mawonekedwe a kapaipi kaja. Kamene kamakhota n'kutsika molunjika pansi, ka S, ndiko kamavuta kwambiri. Ka P, kolowa m'khoma chopingasa, kamasunga madzi bwino. Ayezenso kutalika: paipi ya 40 mm ikapitirira mamita 3 isanafike ku yaikulu, imafuna thandizo. Pali kavalavu kotchedwa air admittance valve, kamamangidwa pansi pa sinki pomwepo, kamalowetsa mpweya koma osautulutsa. Denga silikhudzidwa n'komwe. Chokhacho, paipi yaikulu ija ikhale nayo paipi yakeyake ya mpweya yotulukira pamwamba pa denga, kavalavu sikalowa m'malo mwake.

Muulutsi: Mayi wina wa ku Zomba akuti atabwera kuchokera kumudzi komwe anakhalako miyezi iwiri, anapeza nyumba ikununkha, mphemvu zili balala m'sinki.

Katswiri: Mayi, apo musaitane mmisiri. Madzi a m'kapaipi anauma ndi kutentha, makamaka ngati munachoka mu Okutobala. Tsegulani mpopi kwa mphindi imodzi, m'bafa momwe, mutsegulenso mawindo. Fungolo likakhalapobe mawa lake, gwirani molumikizira paipi pansi pa sinki, mwina labala yatha. Ulendo wina, musanatseke nyumba, thirani supuni ziwiri za mafuta ophikira m'sinki, madziwo sauma msanga.