Za Kuweruza Zithunzi za Ophunzira Kujambula

Masiku ano munthu aliyense amene ali ndi foni ayenda ndi kamera m'thumba, ndipo sichachilendo kumva kuti bungwe la achinyamata pa parishi, kapena sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, yachititsa mpikisano wa zithunzi. Zikatero, ntchito ya kuweruza igwera munthu amene anthu amkhulupirira: mphunzitsi wa sukulu, katekisiti, asisitere, nthawi zina bambo mfumu amene. Ambiri a iwo sanaphunzire za kujambula, ndipo ayesa kuti ntchito yawo yatha akangoloza chithunzi chimene chapambana. Koma pa ana 30 amene abweretsa zithunzi, mphotho ipita kwa atatu okha. Otsalawo abwerera kwawo ndi mawu amene woweruza wawauza, palibenso china. Mawuwo akakhala opanda pake, kapena olasa mtima, ndiye kuti mpikisanowo wakondweretsa ana 3 ndi kufooketsa ana 27.

Oweruza alakwa pawiri. Ena auza mwana aliyense kuti chithunzi chake n'chokongola zedi, poopa kumkhumudwitsa. Ena atola chithunzi, nachiyang'ana kamphindi, nati: "Ichi n'chakuda, palibe chooneka," n'kuchiponya pambali. Wachiwiriyu aoneka wankhanza, ndipo aliyense amdzudzula. Koma woyambayo ndiye amene aononga kwambiri, pakuti bodza lake livala zovala za chifundo. Mwana amene wauzidwa kuti chithunzi chake n'chokongola, komabe sanalandire kanthu, atuluka ndi funso limene palibe amene amuyankha, ndipo posachedwa ayamba kunena kuti oweruza anakondera.

Choyamba, woweruza asapeputse munthu chifukwa chakuti ndi wophunzira chabe. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi ku Shire, umene unayamba m'chaka cha 1858, ntchito ya kujambula inapatsidwa kwa mbale wake Charles Livingstone, koma zithunzi zake sizinapindule kwenikweni. Zimene zasungidwa ndi kudziwika mpaka lero ndi za John Kirk, dokotala wa pa ulendowo, amene ankajambula mwa kukonda chabe. Kirk yemweyo anali pamodzi ndi Livingstone pamene anafika kumene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, pafupi ndi Mangochi, mu Seputembala 1859. Ndiponso nkhope ya John Chilembwe idziwika kwa ana a sukulu makamaka chifukwa cha Mungo Murray Chisuse, amene ntchito yake yoyamba inali yosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre. Tsono palibe adziwa chimene chidzatuluke mwa mnyamata wa ku Malembo amene wabwereka foni ya amalume ake.

Woweruza wabwino ayamba ndi kuyang'ana, ndipo ayang'ana nthawi yaitali asanatsegule pakamwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatha kuyang'ana anene zimene waona, asananene ngati n'zabwino kapena zoipa. Mwachitsanzo, mtsikana wina abweretsa chithunzi cha amayi ake akuyanika usipa pa thandala. Woweruza anganene kuti: "Apa pakuoneka mayi wowerama, manja ake ali pa nsomba, kumbuyo kwake kuli mabwato awiri." Kenaka amfunse mwanayo chimene anafuna kuonetsa. Funsoli ndi lofunika koposa, chifukwa chithunzi chiyesedwa ndi cholinga cha mwini wake. Mtsikanayo akati anafuna kuonetsa kuchuluka kwa usipa, cholakwa chake n'chakuti anadula thandala pakati. Akati anafuna kuonetsa kutopa kwa amayi ake, cholakwa n'china: anaima patali, ndipo nkhope siioneka. Woweruza amene sanafunse angathe kupereka mankhwala a matenda amene wodwalayo alibe.

Pa zolakwa zonse za ojambula a kunyanja, chachikulu ndi cha kuwala, ndipo woweruza ayenera kudziwa gwero lake kuti athe kulifotokoza. Kamera siiona monga diso la munthu. Diso litha kuona nkhope ya msodzi ndi kunyezimira kwa madzi nthawi imodzi, koma kamera iyesa kuwala konse kumene kwalowa m'galasi lake, n'kusankha muyeso umodzi. Madzi ndi mchenga zikawala kwambiri, kamera ichepetsa kuwala kuti madziwo aoneke bwino, ndipo munthu woima patsogolo pake asanduka chithunzithunzi chakuda. Chimenechi ndicho chifukwa chake zithunzi zambiri za pagombe zili ndi nyanja yokongola ndi anthu opanda nkhope. Tsono mawu akuti "chithunzi chako n'chakuda" sathandiza mwana. Iye mwini waona kale kuti n'chakuda. Omthandiza ndi akuti: "Dzuwa linali kumbuyo kwa munthuyu. Tsiku lina udzaime kuti dzuwa likhale kumbali kwako kapena kumbuyo kwako, ndipo usanajambule udzakhudze nkhope yake ndi chala pa galasi la foni, kuti kamera iyese kuwala kwa pankhopepo."

Pamenepa woweruza akumbukire kumene mwanayo akhala, chifukwa langizo limodzi silikwanira magombe onse. Ku Nkopola ndi ku Makawa gombe liyang'ana kum'mawa, kotero dzuwa lituluka pamadzi. Wofuna kujambula munthu nyanja ili kumbuyo kwake adikire madzulo. Ku Malindi ndi ku Makanjira, tsidya lija, n'zosiyana: dzuwa lilowa pamadzi, ndipo nthawi yabwino ndi ya m'mawa. Ku Chembe, ku Cape Maclear, alendo akonda kujambula dzuwa likulowa cha ku chilumba cha Thumbi, ndipo ana a kumeneko atengera zomwezo. Zithunzi zotere zikoma m'maso, koma zifanana zonse, ndipo woweruza sachimwa akamuuza mwana kuti kulowa kwa dzuwa sindiye anakupanga, ndipo kuti ntchito yake ya iye ndi kupeza choika patsogolo pake. Masana dzuwa lili pamutu palibe gombe labwino: maso alowa mu mthunzi wa mphumi, ndipo anthu atsinzina. Pa nthawi yotere mthunzi wa mtengo wa mango uposa gombe.

Palinso china chimene chichepetsa mlandu wa wojambula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, ndipo pa khadipo panali chithunzi cha mkazi wachizungu. Mafilimu ndi makina otsukira ankakonzedwa potsata khungu loyera, ndipo makadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anafala m'zaka za m'ma 1990. Makamera a m'mafoni a lero achita bwinopo, komabe foni yotsika mtengo ivutikabe kuonetsa nkhope yakuda pafupi ndi malaya oyera kapena madzi owala. Woweruza asiyanitse tsono cholakwa cha munthu ndi kuperewera kwa chipangizo. Sichilungamo kumdzudzula mwana wa msodzi chifukwa cha foni imene atate ake anakwanitsa kugula. Chimene iye angasinthe ndi malo oima, nthawi yojambulira, ndi chimene aika m'chithunzi. Uphungu ukhale pa zimenezi.

Zolakwa zina n'zosavuta. Mzere umene madzi akumana ndi thambo ukapendekeka, nyanja ioneka ngati itayikira mbali imodzi. Mankhwala ake ndi kuyang'ana mzerewo asanajambule. Ambiri aima patali n'kukoka chithunzi ndi zala pa galasi la foni, osadziwa kuti potero chichita chizimezime. Kusendera ndi miyendo kuposa. Nkhwazi yojambulidwa pa mtunda wautali ingokhala kadontho, ngakhale mwini wake alumbire kuti inali ndi chambo m'zikhadabo. Galasi la kamera logwidwa ndi zala za mafuta a nsomba lichititsa chifunga pa chithunzi chonse. Ndipo amene ajambula mnzake pa nsanja ya wotchi ya pa Boma la Mangochi, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ayang'ane kumbuyo, kuti nsanjayo isaoneke ngati yamera pamutu pa munthu. Nyali za asodzi a usipa usiku zikopa wojambula aliyense, koma mu mdima kamera ifuna nthawi yaitali kuti isonkhanitse kuwala, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono nyalizo zisanduka mizere. Foni ikhazikidwe pa mwala kapena pa bwato la pamtunda.

Ngakhale woweruza aone zolakwa zisanu pa chithunzi chimodzi, anene chimodzi chokha, chimene chikakonzedwa chidzasintha zambiri. Munthu wouzidwa zisanu sakumbukira ngakhale chimodzi. Akumbukira manyazi okha. Asanatchule cholakwacho anene chabwino chimene chilipodi, ndipo achitchule ndi dzina: kuti mwanayo anadikira mpaka khoka litafika pamchenga, kapena kuti anagwada pansi kuti afanane msinkhu ndi kamwana kamene ankajambula. Kuyamika kopanda dzina sikusiyana ndi moni wa panjira. Mawu onse akhale onena za chithunzi, osati za mwini wake. "Bwatoli ladulidwa mutu" ndi chiweruzo. "Iwe ulibe maso" ndi chipongwe. Pa gulu, patsiku la mphotho, anene zabwino za aliyense ndi zolakwa zimene zapezeka mwa ambiri, osatchula maina. Za munthu payekha amuuze pambali, kapena azilembe pa kapepala. Ndipo wopikisana akakhala wachikulire, mayi wa m'bungwe kapena bambo wa m'mphakati, woweruza wamng'ono asaiwale ulemu: "Bambo, mukadaima chakuno, nkhope ya adzukulu anu ikadaoneka bwino."

Koma pali zinthu ziwiri zimene woweruza sayenera kufewetsa. Choyamba ndi ulemu wa anthu ojambulidwa. Nyanja kwa alendo ndi malo osangalalira. Kwa eni ake ndi posamba, pochapa ndi pogwirira ntchito. Chithunzi cha amayi akusamba padoko, kapena cha ana amaliseche, chisalandiridwe konse, chikongole chotani, ndipo mwini wake auzidwe chifukwa chake momveka. Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo mwana wa parishi amene wajambula anthu akupemphera mu mzikiti, kapena anamwali a ku jando ndi ku nsondo, popanda chilolezo cha akulu awo, angathe kuutsa mkangano pakati pa anansi amene akhala mwamtendere zaka zambiri. Chimodzimodzi odwala m'chipatala ndi olira pa maliro. Kale chithunzi chinkakhala m'bokosi la mwini wake. Lero chikalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook, palibe angachibweze. Funso lakuti "Kodi munthu uyu anavomera?" lifunsidwe pa chithunzi chilichonse chimene chili ndi nkhope, lisanafunsidwe lililonse la kuwala.

Chachiwiri ndi choona. Kuwalitsa chithunzi pang'ono, kapena kudula m'mbali, n'kololedwa m'mipikisano yambiri. Kuchotsa munthu amene analipo, kuikamo nsomba imene panalibe, kapena kupereka chithunzi cha mwini ngati chako, ndi chinyengo. Vutoli si la ana okha. Mu 2015 oyang'anira mpikisano wotchuka wa World Press Photo, wa ku Amsterdam, anachotsa pafupifupi chithunzi chimodzi pa zisanu zilizonse zimene zinafika chakumapeto, chifukwa cha kusinthidwa mopyola muyeso. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana mphotho pa Sony World Photography Awards, ndipo anaikana, naulula kuti chithunzicho sichinajambulidwe ndi kamera koma chinapangidwa ndi kompyuta. Ngati akatswiri a ku Ulaya anapusitsidwa, katekisiti wa ku Namwera asachite manyazi kukayika. Njira yake njapafupi: apemphe mwanayo kuti aonetse m'foni zithunzi zina zimene anajambula pa malo omwewo, tsiku lomwelo. Wojambula weniweni akhala nazo zingapo, zina zokhota, zina zamdima. Koma kufunsaku kuchitike mseri, ndipo malamulo alengezedwe mpikisano usanayambe, kuti wina asalangidwe ndi lamulo limene sanalimve.

Pa mudzi aliyense ndi mbale wa wina, ndipo woweruza wolungama yemwe angathe kunenedwa. Chifukwa chake zithunzi zilembedwe manambala m'malo mwa maina kufikira mphotho zitagawidwa, oweruza akhale atatu, ndipo amene mwana wake kapena mphwake walowa nawo apepese, ntchitoyo aisiyire ena chaka chimenecho. Mmodzi wa atatuwo, ngati n'kotheka, akhale munthu wojambula pa ntchito yake, monga awo amene ajambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso pa Boma kapena ku Monkey Bay. Mpikisano ukatha, timapepala ta uphungu tiperekedwe kwa onse tsiku lomwelo, ndipo bungwe lisunge zithunzizo pamodzi ndi zimene zinanenedwa pa chilichonse, kuti oweruza a chaka chamawa adzaone ngati mtsikana wa pa thandala uja wasendera pafupi ndi amayi ake.