PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUPHUNZIRA KUPHIKA MONGA CHISANGALATSO

Anthu a kumudzi akamva kuti mu mzinda wa Blantyre muli akulu-akulu, amayi ndi abambo omwe, amene amapatula nthawi ndi ndalama zao kuti aphunzitsidwe kuphika, ambiri amaseka. Amafunsa kuti, "Kodi munthu wa ana ake angakhale pansi kuphunzira kagwiridwe ka mthiko?" Funsoli ndi lomveka, pakuti kwathu kuno mwana wamkazi amayamba kuvundula nsima asanathe msinkhu. Komabe akale anati safunsa anadya phula. M'phunziro lino tiona zimene anzathu a m'tauni amakaphunzira ndi zimene ife tingatolepo. Tipeza kuti mfundo zazikulu za maphunziro amenewo ndi zomwezo zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kwaulere pa sikelo ya ana, ndipo ndizo zimateteza mwana ku matenda a kusowa zakudya m'thupi.

AMAPHUNZIRA KUTI?

Pakati pa mzinda wa Blantyre pali sukulu ya Malawi Institute of Tourism. Kumeneko achinyamata amaphunzira kuphika, kuperekera zakudya ndi zakumwa ndiponso kulandira alendo, ndi cholinga chakuti akapeze ntchito m'mahotela a m'mizinda ndi a kunyanja. Amenewa ndi ophunzira ofuna ntchito.

Koma alipo ena amene ntchito ali nayo kale, ndipo amaphunzira chifukwa cha kukonda chabe. Ku Limbe, ku Chilomoni, ku Namiwawa, ku Zingwangwa ndi m'madera ena a mzindawu anthu amakumana pa Loweruka kwa mnzao wodziwa kuphika makeke, masamusa kapena mpunga wa zokometsera. Ena amaonera kaphikidwe katsopano pa lamya zao za m'manja nkumayesa okha kukhitchini. Nthawi zina m'mahotela mumachitikanso madyerero olawa vinyo, pomwe munthu wodziwa amafotokozera alendo mtundu wa vinyo woyenda bwino ndi nsomba kapena ndi nyama.

Kuphunzira kuphika pagulu si chinthu chachilendo m'Malawi. Agogo athu ambiri akukumbukira alangizi a zapakhomo, ambiri a iwo ophunzitsidwa ku Magomero m'boma la Chiradzulu, amene ankasonkhanitsa amayi m'midzi nkuwaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Amayi a Mvano ndi a magulu ena a m'mipingo akhala akuchita chimodzi-modzi. Chimene chasintha ndi ziwiya ndi maina a zakudya basi.

MFUNDO YOYAMBA: UKHONDO

Wophunzira watsopano pa sukulu ya zophika-phika amadabwa tsiku loyamba, chifukwa chimene amayamba kuuzidwa ndicho kusamba m'manja, kuwenga zikhadabo ndi kuphimba tsitsi. Mphunzitsi amadziwa kuti chakudya chokoma koma chodetsedwa chili ngati chiphe.

Dziko lathu laona kuopsa kwa zimenezi. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March chaka cha 2022 unafalikira m'maboma onse, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba timalowa m'thupi kudzera m'madzi ndi m'zakudya. Tsono malamulo a wophika wa ku hotela ndi a mayi wa pa mafuwa ndi amodzi:

1. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi ochita kuthira musanagwire chakudya, musanadyetse mwana, mukachokera kuchimbudzi ndiponso mukamusintha mwana thewera.
2. Nyama ndi nsomba zaziwisi zisakhudzane ndi chakudya chakupsa. Mpeni umene mwadulira nkhuku muutsuke musanadulire matimati.
3. Chakudya chipse mpaka mkati, ndipo chidyedwe chikali chotentha. Mkute muutenthetse kufikira utulutse nthunzi, makamaka ngati wodya ndi mwana.
4. Vundikirani chakudya kuopa ntchentche, ndipo mbale ziume pa thandala.
5. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala a klorini.

MFUNDO YACHIWIRI: KUSAKANIZA ZAKUDYA

Wophika waluso akamapakula amayang'ana maonekedwe a mbale yake. Amafuna pakhale chobiriwira, chachikasu, chofiira ndi choyera. Iye amachita izi kuti mlendo akopeke, koma madokotala amagwirizana naye, pakuti mbale ya zakudya zosiyana-siyana ndiyo imapatsa thupi zonse zofunika.

Kale tinkaphunzitsidwa magulu atatu a zakudya: zokulitsa, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Masiku ano Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu 6. Pali zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata. Za m'gulu la nyemba monga nandolo, khobwe, soya, nzama ndi mtedza. Zochokera ku nyama monga mazira, mkaka, usipa, matemba, ngumbi ndi mbewa. Zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya ndi kholowa. Zipatso monga mango, mapapaya, magwafa, masuku ndi malambe. Ndiponso zamafuta monga mafuta ophikira ndi mapeyala. Onani kuti palibe nchimodzi chomwe pa mndandandawu chofunika kukagula m'masitolo akulu-akulu a ku Limbe. Pafupi-fupi zonse zimachokera m'minda ndi m'madimba mwathu, ndipo anthu a m'tauni amachita kuzigula kwa ife.

Nanga vuto lili pati? Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Mwana wopinimbira amadwala-dwala, ndipo kawiri-kawiri amavutika kugwira maphunziro kusukulu. Njala ndi umphawi zili m'gulu la zoyambitsa vutoli, koma m'makomo ena chakudya chilipo, kungoti mwana amapatsidwa phala la madzi-madzi la ufa woyera tsiku ndi tsiku. Mimba yake imadzaza koma thupi silipeza chomangira.

Apa ndi pamene luso la kuphika limaonekera. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kulandira phala, uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Phalalo likhale la mgaiwa, lolimbirako kotero kuti silikuyenderera pa supuni. Lero muthiremo nsinjiro, mawa dzira, mkucha usipa wosinja kapena masamba osinja, pamodzi ndi supuni yaing'ono ya mafuta. Likuni Phala, amene amayi ambiri amamudziwa, amapangidwa posakaniza magawo 4 a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, ndipo mungathe kukonza ufa wotere pakhomo panu. Posankha mtedza wa nsinjiro tayani wonse wachuku ndi wofota, chifukwa chuku chili ndi poizoni woononga chiwindi.

MFUNDO YACHITATU: MUYESO NDI MOTO

M'kalasi la zophika zonse zimayesedwa: ufa, mchere, madzi ndi nthawi imene mphika ukhale pamoto. Ife tinazolowera kuyesa ndi maso, ndipo nthawi zambiri timapyola.

Masamba akakhalitsa pamoto mpaka kusanduka akuda amataya mavitamini ambiri. Atsukeni musanawadule, muwaphike ndi madzi ochepa kwa nthawi yochepa, ndipo msuzi wake musataye. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga koma zimaononga mavitamini ena, motero zisakhale za masiku onse. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono amathandiza thupi kutenga vitamini A amene ali m'masamba, m'maungu ndi mu mbatata yofiira mkati. Vitamini ameneyu amateteza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi matenda.

Mchere ndi wofunika, makamaka wokhala ndi ayodini amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula. Koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti osadzaza supuni yaing'ono ya tiyi, kuwerengera pamodzi zakudya zonse za tsikulo. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, nthenda imene yafala m'tauni ndi m'midzi momwe. Makeke ndi zokazinga m'mafuta zimene anthu amakonda kuphunzira m'tauni ndi za pa chikondwerero. Munthu akazisandutsa chakudya cha tsiku lililonse amanenepa mopyola muyeso, ndipo amadziputira matenda a shuga ndi a mtima.

NANGA ZA VINYO?

Vinyo ndi madzi a mphesa amene asasa. Tizamoyo ta yisiti timadya shuga wa m'zipatsozo nkumusandutsa mowa, monga momwe zimachitikira ndi chimera pofulula masese. Vinyo wambiri wogulitsidwa mu Blantyre amachokera ku South Africa, kumene anayamba kufinya mphesa ku dera la Cape m'chaka cha 1659. Kuno kwathu aliponso vinyo wopangidwa ndi zipatso zina, monga wa Linga wa ku Lilongwe.

Akatswiri olawa vinyo amathira pang'ono m'tambula, amayang'ana mtundu wake, amanunkhiza, amalawa, kenaka amalavula. Amatero chifukwa amadziwa ukali wake. Mwa magawo 100 a vinyo, magawo 12 mpaka 14 amakhala mowa weni-weni, pamene mowa wamba wa m'mabotolo umakhala ndi magawo pafupi-fupi 5. Motero tambula yaing'ono ya vinyo ifanana ndi botolo limodzi la mowa, ndipo botolo lathunthu la vinyo lifanana ndi mabotolo a mowa pafupi-fupi 6. Kutsekemera kwake kusakunyengeni.

Pali mphekesera yakuti vinyo wofiira amaonjezera magazi. Zimenezi si zoona. Kufiirako kumachokera ku makoko a mphesa, ndipo sikukhudzana ndi magazi a munthu. Wochepa magazi adye nyemba, masamba obiriwira, usipa, mazira ndi chiwindi, alawe chipatso monga gwafa kapena lalanje pa nthawi ya chakudya, ndipo apite kuchipatala kukayezetsa. Amayi oyembekezera amwe mapiritsi a magazi amene amalandira kusikelo.

Chiyambire chaka cha 1988 akatswiri a bungwe la WHO amaika mowa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, monga ya kummero, ya chiwindi ndi ya m'mawere. Mu January 2023 bungweli linanenanso poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo pa thupi. Mau amenewa akhudza vinyo wa pa hotela, chibuku, masese ndi kachasu mofanana. Kachasu ndiye woopsa koposa pakuti ukali wake suyesedwa. Wosamwa asayambe poganiza kuti vinyo ndi mankhwala, ndipo wakumwa achepetse. Koma awa asalawe nkomwe: mayi woyembekezera, chifukwa mowa umafika kwa mwana m'mimba nkuononga ubongo wake kwa moyo wonse, ana osakwana zaka 18, woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena yakapalasa, ndi wodwala amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu. Amene akumwa ma ARV akambirane ndi a chipatala, pakuti mowa umalemetsa chiwindi ndi kuiwalitsa nthawi yomwera mankhwala.

Chakumwa chabwino choperekeza chakudya tili nacho kale. Thobwa watsopano amene sanagonere masiku, madzi a malambe, a bwemba ndi a chidede, okonzedwa ndi madzi otetezedwa ndi shuga wochepa, angamwedwe ndi banja lonse.

YAMBITSANI GULU LANU

Chimene chimakoka anthu a m'tauni ku maphunziro amenewa si chakudya chokha ayi. Amakondwera kucheza, kuseka pamene keke yapserera, ndi kudyera pamodzi zimene aphika. Chisangalatso chotere sichilira ndalama. Kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi a mfumu, musankhe tsiku limodzi pa mwezi. Wina abwere ndi mgaiwa, wina nsinjiro, wina masamba, wina nkhuni. Mwezi uno phikani futali wa mbatata yofiira, mwezi wa mawa chigumu cha nthochi, mwezi winawo muphunzire kufutsa masamba ndi kuwayanika pa mthunzi kuti mudzakhale ndi mfutso wabwino m'chilimwe. Agogo aitanidwe, popeza ndiwo adziwa ndiwo zakutchire zimene achinyamata aziiwala. Abambo nawonso abwere. Ophika ambiri a m'mahotela a mu Blantyre ndi amuna, ndipo tsiku limene mayi wagonekedwa m'chipatala ana amafunabe kudya.

MAFUNSO OKAMBIRANA PODIKIRA SIKELO

1. Tchulani magulu 6 a zakudya. Ndi magulu angati amene banja lanu linadya dzulo?
2. Ndi zinthu ziti zopezeka m'mudzi mwanu mwezi uno zimene mungathire m'phala la mwana?
3. Chifukwa chiyani si bwino kuthira soda m'ndiwo masiku onse?
4. Mungamuyankhe bwanji mnzanu wonena kuti vinyo wofiira amaonjezera magazi?
5. Ndani m'mudzi mwanu amene angaphunzitse anzake chakudya chimodzi pa msonkhano woyamba wa gulu lanu?