Kodi masewero angabweze mphamvu zachimuna pambuyo pa khansa ya prostate?

Funso: Mlimi wina wa fodya wa kwa Lukwa ku Kasungu, amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya prostate, akufunsa ngati masewero olimbitsa thupi angamubwezere mphamvu zachimuna.

Yankho: Prostate ndi kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo popeza mitsempha yothandiza mwamuna kutota imadutsa m'mbali mwake, opaleshoni imatha kuivulaza, moti kuchira kumatenga miyezi yambiri, mwinanso zaka 2. Masewero oyenera ndi amene dokotala Arnold Kegel anawalongosola mu 1948, omwe mwamuna amamangitsa minofu imene amaletsera mkodzo kwa masekondi 5, kenako n'kuimasula, maulendo 10 katatu patsiku, akupuma bwinobwino osalimbitsa mimba. Phindu lake lodalirika ndi kuchepetsa kudontha kwa mkodzo, pamene pa kutota amathandiza ena okha, chifukwa masewero sangalumikizenso mtsempha wodulidwa.

Kuyenda ndawala tsiku lililonse kumathandiza magazi kuyenda bwino, koma kusuta kumachepetsa magazi ofika kumaliseche, ndipo kupalasa njinga ndi kunyamula mabelo a fodya kudikire chilolezo cha dokotala. Bambowa apite ndi akazi awo kuchipatala cha Kasungu kapena cha Kamuzu Central, kumene akakambirane ndi dokotala za mankhwala othandizira.