Mwana wanga akufuna zoimba basi

Funso: Mwana wanga anakhoza bwino MSCE, koma akukana za unamwino. Akuti akufuna kuimba. Usiku wonse amangokhalira gitala, mpaka aneba kuno ku Nkolokosa atopa naye. Kodi chimawakokera ana ku ntchito yopanda malipiro a pamwezi n'chiyani?
Mayi wodandaula, Nkolokosa

Yankho: Mayi, ambiri salowa zaluso pofuna ndalama ayi. Chimayamba ndi kwaya ya kutchalitchi kapena sewero la kusukulu, anthu n'kuwomba m'manja, mwana n'kuzindikira kuti ali ndi chake chomwe anzake alibe. Du Chisiza Jr, mwini gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre, anakhalapo nduna ya boma, koma mpaka imfa yake mu 1999 mtima wake unali pa zisudzo.

Nkhawa yanu ndi yomveka ndithu. Giddes Chalamanda anaimba zaka zambirimbiri, koma dziko lonse lapansi linadzamudziwa atakalamba, nyimbo yake ya “Linny Hoo” itafala pa TikTok.

Musamulande gitalayo. Ku University of Malawi, ku Zomba, amaphunzitsa nyimbo ndi zisudzo, ayesere kumeneko. Akadzajambula nyimbo akailembetse ku bungwe la COSOMA, kuti wailesi zikamaiulutsa azilandirako kenakake. Za anebawo, muuzeni aziimba masana.