MSANGU, MTENGO WOSUNGA MUNDA

Dziko la Mfumu Nsefu liri m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, kum'mawa kwa Zambia. Eni ace ndiwo Akunda. Mafumu ao akuru ndi awa: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama, ndipo wamkuru mwa onsewa ndiye Nsefu.

Munthu wocokera ku Chipata akamatsikira ku cigwaco amamva kuti kutentha kulinkukula. Cifukwa cace ndi ici: Chipata ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, koma pansi pa cigwa mpa mamita 500 ndi mphambu zocepa cabe. Motero ngakhale nyanja yamcere iri kutali ndithu, ku Nsefu kumatentha monga kumaiko a m'mphepete mwa nyanja. Mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula imayamba mu November ndi kuleka mu March kapena April, ndipo miyezi yotsalayo imakhala youma.

Mabvuto a mlimi wa ku cigwa

Nthaka ya m'mbali mwa mitsinje ya Luangwa ndi Lupande njabwino, pakuti madzi akasefukira amasiya matope acondwe. Anthu amalima cimanga, mapira, mpunga, mtedza ndi thonje; ndipo nthawi ya cirimwe amalima matimati, mpiru, anyezi ndi therere m'madimba. Koma nthaka iri yonse imaguga ikalimidwa caka ndi caka osaibwezera kanthu. Alimi a kumtunda amathira manyowa a m'khola la ng'ombe, koma ku cigwa ng'ombe nzocepa cifukwa ca kashembe, nchenche yoluma imene imapatsa ziweto nthenda. Fetereza wa m'sitolo ngwokwera mtengo, ndipo si onse angathe kumgula. Nanga tsono munda ukaguga, mwini wace adzacitanji? Ambiri amangousiya ndi kukatema thengo lina, kufikira mitengo itatha.

Komabe m'cigwa momwemo muli mtengo umene umathira manyowa wokha, osalipidwa kanthu. Dzina lace ndi msangu, ndipo ophunzira za mitengo amaucha Faidherbia albida.

Makhalidwe a msangu

M'cigwa ca Luangwa muli mitengo yambiri yomveka. Muli mlambe wa thunthu lalikuru, mbvunguti wa zipatso zolendewera, bwemba wowawasa, ndi tsanya, umene anthu a kumeneko amaucha mupani. Tsanya amamera pa nthaka youma ya makande, ndipo dzuwa likakula masamba ace amapindana, kotero kuti mthunzi wace ngwocepa. Msangu umakonda malo ena, ndiwo a nthaka yakuya ya pafupi ndi mitsinje. Ukakula bwino umafika mamita 20 kapena 30. Nthambi zace zazing'ono nzotuwa, ziri ndi minga yoongoka yomera iwiri-iwiri, ndipo masamba ace ngaang'ono kwambiri.

Codabwitsa ca msangu ndi ici. Mitengo yina yambiri imaphuka mvula ikamadza, ndi kuyoyola masamba m'cirimwe. Msangu umacita mosiyana: mvula ikayamba umayoyola masamba ace, nukhala ngati wouma dzinja lonse, mvula ikatha ndipo umaphuka, nukhala wobiriwira m'miyezi imene thengo lonse lapsa. Umatha kutero cifukwa muzu wace waukuru umalowa pansi kwambiri, kufikira kumene kuli madzi osaphwa.

Khalidwe limeneli limathandiza mlimi m'njira zitatu. Coyamba, masamba amagwa pa nthawi yomwe mlimi alikubzala, ndipo pokhala aang'ono amaola msanga nasanduka manyowa. Caciwiri, mtengowo pokhala wopanda masamba m'dzinja, suchinga dzuwa. Cimanga ca pansi pace cimalandira kuwala kokwanira. Cacitatu, msangu ndi wa mtundu umodzi ndi nyemba ndi mtedza. Mwana akazula mtedza adzaona timaphundu pa mizu yace. M'timaphundumo mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga nayitrojeni wa mumpweya ndi kumsandutsa cakudya ca zomera. Nayitrojeniyo ndi yemweyo amene alimi amamgula m'matumba a fetereza. Mizu ya msangu iri nato timaphundu totere, ndipo cakudyaco cimakwera kumka ku masamba. Masambawo akagwa, cimalowa m'nthaka. Ndico cifukwa cace cimanga ca patsinde pa msangu waukuru cimakhala cobiriwira ndi ca ngala zazikuru kuposa cinzace ca poyera.

Msangu ndi nyama za m'thengo

M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali woyang'anira nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti mbali yina ya dziko lace ikhale yosungiramo nyama, ndi kuti ndalama za alendo odzaona nyamazo zizipita kwa Akunda. Kuyambira caka ca 1972 malowo ali mbali ya South Luangwa National Park. Kumeneko munthu angathe kuona bwino-bwino umo msangu umadyetsera nyama.

Msangu umacita maluwa oyezuka mvula itangotha, ndipo njuci zimaukonda. Zipatso zace, zimene ziri ngati zitheba zazikuru zopota-pota zofiirira, zimapsa ndi kugwa m'miyezi ya September ndi October, pamene msipu watha. Pamenepo nswala, ngoma, njati ndi anyani amasonkhana pansi pace. Njobvu imatsamiritsa mutu pa thunthu ndi kugwedeza mtengo wonse kuti zipatso ziyoyoke. Njere za msangu ziri ndi khungu lolimba, ndipo zambiri zimapyola m'mimba mwa nyama zosaphwanyika. Khungulo limafewa, ndipo njerezo zimagwera kutali pamodzi ndi ndowe. Motero nyama zimalipira cakudya cao pakufesa mbeu.

Koma m'minda ya anthu zinthu sizitero. Kamsangu kakamera kokha, kamadulidwa ndi khasu popalira, kapena kudyedwa ndi mbuzi, kapena kupsa ndi moto wa lupsa. Mitengo yakale ikafa, palibe yolowa m'malo mwace. Cifukwa cace wofuna msangu m'munda mwace ayenera kuyamba ndi nazale.

Kakonzedwe ka nazale

Nazale ndi malo ofesapo mbeu za mitengo ndi kuzilera kufikira zitakwanira kuokedwa. Malo ace akhale pafupi ndi citsime ndi pafupi ndi nyumba, ndipo achingidwe ndi mpanda woletsa mbuzi ndi nkhuku.

Nchito yoyamba ndiyo kutola zipatso. Zitoledwe zitangogwa, pakuti zikakhalitsa pansi tianankafumbwe timaboola njere. Azitola pa mitengo ya m'minda ndi m'midzi, osati m'malo osungira nyama, pakuti kumeneko lamulo liletsa. Ndiponso ana asapite okha, koma ndi munthu wamkuru, cifukwa njobvu nazo zimafuna zipatso zomwezo. Zipatsozo azisinja pang'ono mumtondo, napeta ndi licero kuti njere zipatuke. Njere zikathiridwa m'madzi, zofumbwa zimayandama, ndipo zimenezo nzotaya.

Nchito yaciwiri ndiyo kufewetsa khungu, monga mimba ya njobvu imacitira. Mlimi amadula pang'ono nsonga ya njere iri yonse ndi cowengera zala, kapena kuikwecesa pa mwala, osafika ku mtima wace. Atatero amabviika njerezo m'madzi usiku ndi usana umodzi kufikira zitatupa.

Nchito yacitatu ndiyo kufesa. Dothi lakuda la pansi pa mitengo alisanganiza ndi mcenga wa kumtsinje ndi manyowa oola bwino, nalithira m'timatumba ta pulasitiki toboola pansi. M'kathumba kali konse afesamo njere imodzi kapena ziwiri, osazikwirira kwambiri. Zikamera zonse ziwiri, azula yofooka.

Pali cinthu cimodzi cimene wosadziwa amalakwa. Muzu wa msangu umakula msanga kuposa tsinde lace. Kathumba kakakhala pansi, muzu umaturuka ndi kulowa m'nthaka, ndipo tsiku lonyamula umaduka. Mbande yotere imafa kapena kupinimbira. Cifukwa cace alimi ozolowera amamanga thandala la nsungwi kapena bango, nasanja timatumba pamwamba pace. Muzu ukaturukira kunsi umakomana ndi mphepo, nuleka kutalika, koma osabvulala.

Pamwamba pa thandala amafolera udzu wopyapyala wocepetsa dzuwa. Kuthirira ndi m'mamawa ndi madzulo, pakuti masana a October madzi amauma asanalowe. Tsiku looka likayandikira, amacotsa udzu pang'ono-pang'ono ndi kucepetsa madzi, kuti mbande zizolowere dzuwa la kumunda. Nthawi yabwino yofesa ndi mwezi wa October, kuti mbande ziokedwe zikali zazing'ono, mvula itangokhazikika.

Kuoka ndi kusamala

Bungwe la Conservation Farming Unit, limene laphunzitsa alimi ambiri a m'Zambia za msangu, linalangiza kuti mitengo italikirane mamita 10 mbali zonse. Potero m'hekitala imodzi mumalowa mitengo 100, ndiye kuti ngati 40 pa ekala. Pooka, mlimi amang'amba kathumba mosamala kuti dothi lisagumuke, naika mbande m'dzenje, natsendera dothi ndi manja. Pambali pace amazika cikhomo kuti opalira aione.

Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba ndizo zobvuta. Udzu wozinga kamtengo uyenera kulambulidwa mvula ikatha, kuti moto usafike. Mbuzi aziletsa ndi kampanda ka minga. Nthambi za m'munsi azisadza, kuti mtengo ukwere ndi thunthu limodzi. Paja akuru anati, kuongola mtengo mpoyamba.

Njobvu nazo zimafuna kucenjera nazo. Zipatso za msangu zimagwa dzinthu zitakololedwa kale, kotero nyama zobwera kumunda nthawi imeneyo zimapeza mapesi okha-okha, nizisiya ndowe. Koma si kwanzeru kuoka msangu pafupi ndi nkhokwe kapena dimba, kuopa kuziitanira ku cakudya. Pochinjiriza madimba, alimi a ku cigwa amagwiritsa nchito tsabola wowawa, pakuti njobvu imadana ndi pfungo lace. Amapaka zingwe za mpanda tsabola wosinja wosanganiza ndi oilo wakutha, kapena kuumba njerwa za ndowe ndi tsabola ndi kuzifukiza usiku. Bungwe la Conservation South Luangwa limathandiza alimi pa nchito yotere.

Msangu kumaiko ena

Si ku Luangwa kokha kumene mtengo uwu umadziwika. Ku Malawi, m'mbali mwa nyanja monga ku Salima, alimi akhala akulima cimanga pansi pa misangu kuyambira kale. Ku Niger, dziko la m'malire a cipululu ca Sahara, mtengowu amaucha gao. Kumeneko mitengo inatha ndipo mphepo inkaulutsa dothi. Koma kuyambira zaka za m'ma 1980 alimi a ku Maradi ndi Zinder anayamba kusunga mphukira zomera zokha m'minda mwao, gao ndi mitengo yina, kufikira mahekitala ngati 5,000,000 anakhalanso ndi mitengo. Ici cionetsa kuti kusunga kamtengo komera kokha kuli ndi phindu lofanana ndi kuoka katsopano.

Msangu sufulumira. Pamapita zaka zambiri usanayambe kugwetsa masamba okwanira kusintha nthaka. Cifukwa cace bungwe la COMACO, limene linayamba nchito m'cigwa ca Luangwa m'caka ca 2003, limalimbikitsa alimi kubzalanso Gliricidia, mtengo wocokera ku Central America, umene umakula msanga ndipo masamba ace amawakwirira m'mizere. Mlimi wanzeru angathe kubzala yonse iwiri: Gliricidia wothandiza zaka zoyamba, ndi msangu wa masiku a m'tsogolo. Mwana wa sukulu amene aoka msangu caka cino adzakhala munthu wamkuru pamene mtengowo udzayamba kudyetsa munda. Koma ukadzayamba, udzadyetsanso ana ace ndi adzukulu ace.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji ku Nsefu kumatentha kuposa ku Chipata?
2. Cifukwa ninji alimi a ku cigwa amasowa manyowa a ng'ombe?
3. Kodi msangu umasiyana bwanji ndi mitengo yina?
4. Chulani njira zitatu zimene msangu umathandizira mlimi.
5. Cifukwa ninji timatumba ta mbande za msangu amatisanja pa thandala?
6. Munda wa mahekitala 3 ufuna mbande zingati, mitengo ikatalikirana mamita 10?

ZOCITA

Zulani mtedza kapena nyemba, tsukani mizu yace, ndipo jambulani timaphundu timene muona. Bviikani njere za msangu 10 zodula nsonga ndi zina 10 zosadula, fesani zonse tsiku limodzi, ndipo lembani m'buku tsiku limene iri yonse yamera.